Phula likadzafika kwa Kasakula, adzaletse liwiro ndani?

Chaka chilichonse apolisi akamatulutsa chiwerengero cha ngozi za pamsewu, pamndandanda wa zifukwa pamakhala mawu amodzi osasowa: kuthamanga mopyola muyeso. M'zaka zaposachedwapa, ziwerengerozo zakhala zikusonyeza kuti anthu pafupifupi 1 000, nthawi zina kuposerapo, amafera m'misewu ya dziko lino pachaka. Komatu lamulo lilipo, apolisi a pamsewu alipo, zikwangwani zouza dalaivala liwiro loyenera nazo zilipo. Kodi nambala yolembedwa pachikwangwani cha mkombero wofiira ija imalamuliradi phazi la woyendetsa galimoto, kapena idangosanduka chokongoletsa msewu?

Funsoli limamveka ngati la anthu a m'tauni, a galimoto zawozawo, omwe amadandaula za chindapusa akagwidwa ndi kamera. Koma yankho lake limaoneka bwino kumalo komwe zikwangwanizo nzosowa, monga kwa T/A Kasakula m'boma la Ntchisi, dera la mapiri ndi zigwa loyandikana ndi Dowa. Kumeneko misewu yambiri ndi yadothi, ndipo chomwe chimachepetsa liwiro si lamulo ayi, koma maenje, miyala ndi matope. Anthu a kumeneko, monga anzawo a m'madera ena akumidzi, amafuna msewu wabwino, ndipo ali ndi zifukwa zomveka. Chomwe sichikambidwa kawirikawiri nchakuti msewu wabwino umabwera ndi liwiro, ndipo liwirolo limafika msanga kuposa njira zoliletsera.

Lamulo lilipo, mantha ndiwo akusowa

Lamulo la Road Traffic Act la 1997 limaletsa kuyendetsa galimoto mopyola liwiro lovomerezeka, komanso kuyendetsa mosasamala ngakhale pamalo popanda chikwangwani. Nthambi ya boma yoona za pamsewu ya DRTSS ndiyo imapereka ziphaso kwa madalaivala ndi kuyesa ngati galimoto ili yoyenera kuyenda. Bungwe la Roads Authority limayang'anira misewu ikuluikulu pamodzi ndi zikwangwani zake, pomwe apolisi ndiwo amagwira olakwa. Papepala, palibe chosowa.

Pamsewu nkhani imasintha. Aliyense woyenda mumsewu wa M1 pakati pa Lilongwe ndi Kasungu, kudutsa pa Lumbadzi, Mponela ndi Madisi, amadziwa mmene zimakhalira. Galimoto zimabwera ndi liwiro, zikayandikira pamalo podziwika kuti apolisi amakonda kuimapo zimafatsa ngati zaperekeza maliro, zikangodutsa zimayambiranso. Madalaivala amachenjezana ndi nyali: wobwera kutsogolo akaphethiritsa kawiri, mnzake amadziwa kuti patsogolo pali kamera. Masiku ano chenjezolo limayendanso pa WhatsApp. Zotsatira zake nzakuti lamulo la liwiro limagwira ntchito pa kamtunda kochepa komwe wapolisi akuoneka, ndipo kwina konseko dalaivala amadziikira yekha malire.

Izi zikusonyeza kuti vuto si umbuli. Munthu amene amatha kuchepetsa liwiro akaona yunifomu amadziwa bwino lomwe tanthauzo la chikwangwani. Chomwe amawerengera ndi mwayi wogwidwa, ndipo mwayiwo ndi wochepa. Usiku, mvula ikamagwa, kapena m'misewu yolowera kumidzi, kamera siipezeka kawirikawiri. Ngakhale wagwidwa, pali chikhulupiriro chofala chakuti nkhani ingathe kuthera pawindo la galimoto popanda lisiti. Kafukufuku wa Afrobarometer wakhala akusonyeza kuti apolisi ali m'gulu la ogwira ntchito m'boma omwe Amalawi ambiri amawaganizira za ziphuphu. Kaya wapolisi wina payekha ndi woona mtima chotani, mbiri yotereyi imachotsa mano a lamulo, chifukwa chilango chomwe chili ndi mtengo wokambirana chimangokhala ngati ndalama ya pageti.

Madalaivala nawo ali ndi madandaulo omwe sayenera kunyozedwa. Zikwangwani zina zidagwa, zina zidabisika m'udzu, zina zidazulidwa ndi akuba omwe amakagulitsa zitsulozo kapena kusulira ziwiya. Pali malo omwe chikwangwani chochepetsa liwiro chilipo koma chouza dalaivala kuti malirewo atha palibe, kotero sadziwa poyambira kuthamanga. Dalaivala akagwidwa pamalo otere amachoka ndi maganizo akuti kamera ndi msampha wotolera ndalama, osati chida choteteza moyo. Lamulo lomwe anthu amaliona ngati msampha amalizemba mopanda manyazi.

Masamu a mabuleki

Chifukwa chomwe nambala ya pachikwangwani ilili yofunika sichichokera ku Nyumba ya Malamulo, koma ku chilengedwe. Galimoto yoyenda makilomita 50 pa ola imadutsa mamita pafupifupi 14 pa sekondi iliyonse. Dalaivala akaona choopsa, pamapita nthawi, kawirikawiri sekondi imodzi ndi theka, kuti maso auze ubongo ndipo phazi lifike pa mabuleki. M'kanthawi kameneko galimoto yayenda kale mamita 21. Kenako pa phula louma, matayala ndi mabuleki zili bwino, imafuna mamita ena pafupifupi 14 kuti iime. Onse pamodzi ndi mamita 35.

Tsono mwana atatulukira mumsewu pa mtunda wa mamita 35 amenewo, galimoto ya liwiro la 50 ingaime pamapazi ake osamukhudza. Ya liwiro la 60, lomwe madalaivala ambiri saliwerengera ngati kuthamanga, ingamuombe idakali pa liwiro loposa makilomita 40 pa ola. Ya liwiro la 80 ingamufike dalaivala atangoyamba kumene kuponda mabuleki, chifukwa mamita 33 amatha iye asadachitepo kanthu. Galimoto yotero imafuna mamita pafupifupi 70 kuti iime, ndipo ya liwiro la 100 imafuna pafupifupi utali wa bwalo la mpira. Pa msewu wadothi, wa miyala yosagwirana kapena wonyowa, mitunda yonseyi imatalikirapo.

Mphamvu ya kuombako nayo siikwera mofanana ndi liwiro. Liwiro likawirikiza kawiri, mphamvuyo imawirikiza kanayi. Kuombedwa ndi galimoto ya liwiro la 30 kuli ngati kugwa kuchokera pamwamba pa mamita atatu ndi theka, monga padenga la nyumba. Pa liwiro la 50 kuli ngati kugwa mamita 10, ndipo pa 80 kuli ngati kugwa mamita 25. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati chiopsezo chakuti munthu woyenda pansi amwalire akaombedwa chimakwera kanayi ndi theka liwiro likachoka pa 50 kufika pa 65. Limatinso liwiro la galimoto zonse pamsewu likakwera ndi 1 peresenti yokha, ngozi zakupha zimakwera ndi pafupifupi 4 peresenti.

Nanga wothamangayo amapindulanji? Msika wa m'mbali mwa msewu ukakhala wotalika kilomita imodzi, kuudutsa pa liwiro la 50 kumatenga masekondi 72, pomwe pa 80 kumatenga masekondi 45. Phindu lake ndi masekondi 27. Pa ulendo wa makilomita 10, kusiyana kwa liwiro la 80 ndi 100 ndi mphindi imodzi ndi theka, yomwe imathera pa siteji yotsatira podikira wokwera mmodzi. Akuluakulu adati kuthamanga si kufika, masamu akungovomereza.

Chimathamangitsa dalaivala nchiyani?

Ngati phindu lake nlochepa chotere, bwanji madalaivala ambiri amathamangabe? Kwa oyendetsa galimoto zonyamula anthu, yankho lili m'thumba. Dalaivala wa minibasi, Sienta kapena Probox nthawi zambiri amakhala ndi ndalama yomwe mwini galimoto adamuikira kuti azibweretsa tsiku lililonse. Mafuta amagula yekha kuchokera pa zomwe watolera, ndipo chotsala ndicho chake ndi kondakitala. Pa dongosolo lotere, wokwera aliyense woima m'mbali mwa msewu ndi wa amene wafika msanga. Dalaivala sathamangira nthawi, amathamangira kupitirira mnzake. Wotsatira chikwangwani amapeza siteji itasesedwa kale.

Kukwera mtengo kwa mafuta ndi kusowa kwake, komwe kwavutitsa dziko lino kuyambira m'chaka cha 2022, kudawonjezera moto. Yemwe wagona pa mzere wa mafuta theka la tsiku amafuna kubweza nthawi yotayikayo pamsewu. Chodabwitsa nchakuti liwiro lalikulu limamwanso mafuta ambiri, kotero ena amabweza poika galimoto pa giya yaulere kapena kuzimitsa injini potsetsereka. M'mapiri ngati a Dowa ndi Ntchisi, kapena m'makona a msewu wa M14 wotsikira ku Salima kudzera pa Chezi ndi Mvera, mchitidwewu ndi woopsa kwambiri. Injini ikapanda kuthandiza kugwira galimoto, ntchito yonse imatsalira mabuleki, omwe akatentha amasiya kugwira. Lole yolemedwa ndi matumba a chimanga ndi anthu pamwamba imasanduka mwala wogubuduzika.

Okwera nawo ali ndi mbali yawo. Dalaivala wofatsa amanyozedwa kuti akuyenda ngati ngolo, pomwe wothamanga amatamandidwa kuti ndi katswiri. Omwe akuchita mantha amakhala chete poopa kuyankhidwa mwachipongwe kapena kuuzidwa kuti atsike akagule yawo. Pamwamba pa izo, chitsanzo chochokera kwa akuluakulu sichithandiza: galimoto za maudindo zikamadutsa m'misika ndi liwiro, wina aliyense amaphunzira kuti chikwangwani ndi cha anthu wamba.

Palinso kaganizidwe komwe kamabisa mlandu wa liwiro. Ngozi ikachitika, pamaliro pamamveka zakuti linali tsiku lake, kapena kuti pamalo paja pali zina zake. Mawu otere amatonthoza ofedwa, koma amamasula dalaivala ndi mwini galimoto. Malo omwe ngozi zimabwerezabwereza kawirikawiri amakhala ndi chifukwa chooneka ndi maso: kona yobisika, chitsetse chothera pa msika, mlatho wopapatiza, kapena sukulu yomwe ana ake amawoloka pamalo pomwe galimoto zili pa liwiro.

Kwa Kasakula, apolisi ake ndi maenje

Kudera ngati la Kasakula, mfumu ya msewu si minibasi koma njinga yamoto ya kabaza. Ndiyo imanyamula mayi woyembekezera kupita kuchipatala, mphunzitsi wokatenga malipiro ku boma, ndi thumba la soya kapena mtedza lopita kumsika. M'zaka khumi zapitazi njingazi zasintha moyo wakumidzi, ndipo zapatsa achinyamata ambiri pogwira. Koma ambiri mwa oyendetsa adaphunzira pabwalo la mpira kwa mnzawo, alibe chiphaso, ndipo njinga zambiri zilibe nambala. Sizachilendo kupeza njinga yomwe chida chake choonetsa liwiro chidafa kalekale. Kwa munthu wotere, nambala ya pachikwangwani ilibe chofananizira.

Liwiro loopsa pa msewu wotere silifika ngakhale pa 60. Njinga yonyamula anthu atatu opanda zipewa zodzitetezera, ikutsika phiri pa msewu wa miyala itazimitsidwa injini, ikhoza kupha pa liwiro lomwe mu mzinda lingaoneke lofatsa. M'chilimwe fumbi la lole yotsogola limaphimba maso. M'dzinja dothi lofiira limaterera ngati therere. Msewu womwewo ndiwo njira ya ana a sukulu, ngolo, njinga zakapalasa, mbuzi ndi amayi osenza nkhuni. Palibe malire pakati pa woyenda pansi ndi woyenda pa injini.

Kusiyana kwina kwakukulu kumabwera ngozi ikachitika. Wovulala mumzinda wa Lilongwe akhoza kufika ku Kamuzu Central m'mphindi zowerengeka. Wovulala m'mapiri a kwa Kasakula amayamba wadikira chomunyamula, kenako chipatala chaching'ono, kenako chipatala cha boma ku Ntchisi, ndipo ngati wathyoka mafupa moopsa kapena wavulala m'mutu, ulendo umapitirira ku Lilongwe, komwe kuli chipatala cha LION choona za mafupa ndi ubongo. Pa ola lililonse lotayika, magazi amakhala akutha. Bala lomwe mumzinda likadachira, kumudzi limatha kupha, kapena kusiya mlimi ali wolumala nyengo yolima itayandikira. Banja limagulitsa mbuzi ndi mbewu kuti lipeze zoyendera ndi zodyera kuchipatala.

Ngozi zambiri zoterezi sizilowa m'mabuku a polisi, makamaka ngati njinga ndi yopanda mapepala ndipo mabanja agwirizana kukambirana kwa mfumu. Apa ndi pomwe pagona kusiyana kwa ziwerengero. Lipoti la WHO la 2018 lidayerekeza kuti m'chaka cha 2016 anthu oposa 5 000 adafa pa ngozi za pamsewu m'Malawi, kutanthauza anthu 31 mwa 100 000 alionse, pomwe chiwerengero cholembedwa chidali chongopitirira 1 000. Lipoti la 2015 lidaika Malawi m'gulu la maiko atatu oyambirira padziko lonse pa chiopsezo chofera pamsewu. Dziko lomwe lili ndi galimoto zochepa poyerekeza ndi maiko olemera likutaya anthu ambiri chotere chifukwa ofawo ambiri sakhala m'galimoto. Amakhala akuyenda pansi kapena ali panjinga.

Walira mvula walira matope

Zaka zapitazi zaona ntchito zingapo za misewu mozungulira dera lino. Msewu wa Lumbadzi–Dowa–Chezi udaikidwa phula patatha zaka zambiri anthu akudikira. Ntchito yoika phula mumsewu wa Dzaleka–Ntchisi–Malomo idayambika. Mu 2022 boma lidakhazikitsa ntchito yokonzanso makilomita pafupifupi 300 a msewu wa M1 kuchokera pa mphambano ya bwalo la ndege la Kamuzu kulowera kumpoto, ndi thandizo la banki ya European Investment Bank ndi European Union. Zonsezi ndi chitukuko chenicheni: mlimi amagulitsa pa mtengo wabwino, ambulansi imafika msanga, mtengo woyendera umatsika.

Koma phula limachotsa wapolisi yekhayo yemwe msewu wadothi udali naye. Pomwe dalaivala ankayenda pa 30 poopa kuthyola galimoto, tsopano akhoza kufika pa 90. Anthu a m'mbali mwa msewuwo sasintha tsiku limodzi. Mwana yemwe adazolowera kumva lole ikulira patali ndi kuona fumbi lake amapeza kuti galimoto yafika asadatembenuke. Nkhalamba yomwe idawoloka pamalo amodzimodzi kwa zaka 40 imayeza mtunda ndi diso la liwiro lakale. Phula limakokanso malonda: tomato, mbatatesi ndi makala zimasendera kufupi ndi msewu, ndipo posakhalitsa pamabadwa msika.

Lamulo limati mamita 30 mbali iliyonse kuchokera pakati pa msewu waukulu ndi malo a msewu, osayenera kumangapo kapena kuchitapo malonda. Koma misika yambiri ya m'mbali mwa M1 ili pamphepete penipeni pa phula. Zotsatira zake zidaoneka pa Kampepuza m'boma la Ntcheu mu May 2019, pomwe thiraki idalephera kuima nkulowa pakati pa anthu pa msika, ndipo anthu oposa 15 adafa. Mu 2024 anthu 26 adafa m'boma la Kasungu minibasi itaombana ndi thanki ya mafuta nkuyaka moto. Ngozi iliyonse imakhala ndi zifukwa zakezake, koma pa zonse liwiro ndilo limagamula ngati cholakwa chaching'ono chithere pa kukalika kwa galimoto kapena pa manda.

Msewu wa M1 uli ndi vuto lomwe misewu yatsopano ya ku Ntchisi ingathe kulipewa. Umagwira ntchito ziwiri zotsutsana: ndi njira ya mathiraki opita ku malire a Songwe, komanso ndi bwalo la msika wa Mponela. Chikwangwani cha 50 kapena 60 chimayesa kugwirizanitsa ziwirizi, koma maonekedwe a msewu, wotambalala ndi wowongoka, amauza dalaivala zosiyana. Chikwangwani ndi msewu zikatsutsana, dalaivala amamvera msewu.

Zomwe ena adayesa

Vutoli si la Malawi yekha. Lipoti la WHO la 2023 lidati anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pamsewu chaka chilichonse padziko lonse, ngozizi ndizo zimapha kwambiri ana ndi achinyamata a zaka 5 mpaka 29, ndipo chiopsezo nchachikulu mu Africa kuposa kwina kulikonse. Mu February 2020 nduna za maiko osiyanasiyana zidakumana ku Stockholm nkugwirizana kuti pamalo pomwe galimoto zimasakanikirana ndi anthu oyenda pansi, liwiro lisamapyole makilomita 30 pa ola. Bungwe la United Nations lidaika cholinga chochepetsa imfa ndi kuvulala pamsewu ndi theka pofika 2030. Dziko loyandikana nalo la Zambia lidakhazikitsa kale liwiro la 30 m'malo a sukulu ndi modutsa anthu ambiri.

Ku Kenya, mu 2004, nduna ya zamtengatenga John Michuki idalamula kuti minibasi zonse ziikidwe chida choletsa kupyola makilomita 80 pa ola, zikhale ndi malamba, ndipo madalaivala azilandira malipiro a pamwezi. Ngozi zidatsika m'miyezi yoyambirira. Koma boma litafooka pa kalondolondo, zida zija zidayamba kusokonezedwa ndipo makhalidwe akale adabwerera. Phunziro lake nlapawiri: kukhudza mwini galimoto ndi kalipiridwe ka dalaivala kumagwira ntchito, koma lamulo la mkokomo wa mwezi umodzi silikhalitsa.

Ku Kenya komweko, akatswiri awiri a pa yunivesite ya Georgetown, James Habyarimana ndi William Jack, adayesa njira yotsika mtengo kwambiri. Adamata timapepala m'kati mwa minibasi zoposa 1 000 tolimbikitsa okwera kudzudzula dalaivala akamayendetsa mosasamala. Madandaulo a ngozi opita ku kampani za inshuwalansi kuchokera ku minibasi zimenezo adatsika ndi theka kapena kuposerapo poyerekeza ndi zomwe zidalibe timapepalato. Kapepalako sikadaphunzitse wokwera chachilendo. Kadangomupatsa chilolezo cholankhula, ndi chitsimikizo chakuti anzake amuikira kumbuyo.

Ku Dar es Salaam, bungwe la Amend lidaika zitunda zochepetsa liwiro, powolokera ndi tinjira ta oyenda pansi mozungulira sukulu zina za pulayimale, ndipo kafukufuku adapeza kuti kuvulala kwa ana kudatsika ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi. Ku France, komwe makamera odzijambulira okha adayamba kuikidwa mu 2003, imfa za pamsewu zidachoka pa zoposa 7 000 mu 2002 kufika pa zosakwana 4 000 mu 2010. Kamera yotere siigona, siilandira ya fanta, ndipo siidziwa bwana. Komabe imadalira kuti galimoto iliyonse ikhale yolembetsedwa ndipo mwini wake apezeke. Malawi ali ndi makina a MalTIS osunga mbiri ya galimoto ndi ziphaso, koma njinga zamoto zambiri za kumidzi sizili mmenemo.

Zoyenera kuchitika phula lisadaume

Pa zonsezi pakutuluka mfundo imodzi: dalaivala amamvera liwiro pomwe msewu ukumukakamiza, pomwe akudziwa kuti akalakwa agwidwa ndithu, ndiponso pomwe kufatsa sikumudyera ndalama. Chikwangwani pachokha chimangonena lamulo, sichingalisungitse.

Kwa madera ngati Kasakula, nthawi yabwino yolankhula ndi pomwe msewu udakali papepala. Makomiti a chitukuko a m'midzi ndi a dera, mafumu, makhansala ndi phungu akamapempha msewu, ayenera kupemphanso zitunda zopangidwa bwino ndi zopakidwa utoto pa sukulu, pa chipatala ndi pa msika, malo oimapo galimoto kunja kwa phula, ndi kanjira ka oyenda pansi ndi njinga. Kuika zinthuzi nthawi yomanga ndi kotsika mtengo kuposa kudzaziika pambuyo pa maliro. Khonsolo ya boma iyenera kupatula malo a msika kutali ndi msewu ogulitsa asadakhazikike, chifukwa kusamutsa msika wokhazikika ndi nkhondo yomwe makhonsolo ambiri aigonja. Zitunda zomwe anthu amakumba okha mwaukali mwana akaombedwa zimamveka chifukwa chake, koma zikakhala zopanda chizindikiro zimagwetsa wa njinga usiku.

Pa nkhani ya kabaza, kulanda njinga kokha sikudathetse vutoli. Achinyamata ambiri amalephera kupeza chiphaso chifukwa cha mtengo ndi mtunda wopita ku maofesi a DRTSS, omwe ali m'mizinda ndi m'matauni ochepa. Kubweretsa maphunziro ndi kalembera ku maboma, pa mtengo womwe wa kabaza angakwanitse, kungalowetse ambiri m'lamulo. Magulu a kabaza a pa siteji ali kale ndi atsogoleri ndi malamulo awo a ndalama ndi mzere. Akhoza kukhalanso ndi lamulo la chiwerengero cha okwera, chipewa ndi kutsika phiri injini ikulira. Komwe wapolisi amafika mwa apo ndi apo, tcheyamani wa siteji ndi nyakwawa ndiwo amaonana ndi woyendetsa tsiku lililonse.

M'misewu ikuluikulu, apolisi angapindule posintha malo ndi nthawi yoimika kamera, kuphatikizapo madzulo ndi usiku, ndi kusankha malowo potengera pomwe anthu akufera osati pomwe nkosavuta kubisala. Chindapusa cholipira kudzera ku banki kapena pafoni chingachotse ndalama pakati pa dzanja la dalaivala ndi la wapolisi. Wobwereza mlandu ayenera kutaya chiphaso, chifukwa kwa munthu wa ndalama chindapusa sichiluma. Eni minibasi, kudzera m'bungwe lawo la MOAM, ayenera kuyankhapo pa ndalama yomwe amaikira madalaivala, pakuti yemwe waika mlingo wosatheka kuupeza popanda kuthamanga ali nawo mlandu ngakhale sadagwire chiwongolero. Ndipo popeza oyendetsa galimoto amalipira msonkho wa misewu pa mafuta komanso pa mageti a Chingeni ndi Kalinyeke, ali ndi ufulu woyembekezera kuti chikwangwani chogwa chidzutsidwa msanga.

Chaka cha 2030, chomwe maiko adalonjeza kuti imfa za pamsewu zidzakhala zitatsika ndi theka, chayandikira. Malawi akumanga misewu yomwe idzatumikire anthu kwa zaka makumi angapo, ndipo momwe ikumangidwira lero ndimo mudzagamule liwiro lomwe galimoto zidzadutsire pa zipata za sukulu. Nduna ikamadula riboni, chomwe chimawerengedwa ndi makilomita a phula. Kwa kholo la kwa Kasakula, muyeso wa msewu wabwino ndi wina: kuti soya wafika kumsika pa nthawi yake, ndipo mwana yemwe adawoloka m'mawa kupita kusukulu wawolokanso masana kubwerera kwawo.